Musanagawe uthenga wanu, uyeseni kaye pa anthu ochepa

Makalabu ambiri a achinyamata akumalemba okha timapepala ta uthenga wa Edzi, kujambula mapositala, ena mpaka kukonza mauthenga otumiza pa WhatsApp. Ntchitoyi ndi yotamandika. Koma ife alangizi a zaumoyo timaona kuti pali gawo limodzi lomwe limadumphidwa kawirikawiri. Pepala likangolembedwa, mamembala amaliwerenga n'kuliombera m'manja, mawa lake lapita kokasindikiza. Palibe amene wafufuza ngati mtsikana amene analekezera sukulu Sitandade 5 angalimve monga momwe akulimvera amene analilemba.

Pa nkhani ya HIV, kumva molakwika kungathe kuika moyo pachiswe. Titenge chitsanzo cha kachipangizo kodziyezera wekha ka OraQuick, komwe munthu amapaka ku nkhama. Malangizo ake amati zotsatira ziwerengedwe pakatha mphindi 20, koma zisanapitirire mphindi 40. Mizere ikatuluka iwiri, ngakhale wachiwiriwo utakhala wosaoneka bwino, munthu ayenera kupita kuchipatala kuti akamuyezenso. Ndipo amene akumwa ma ARV sayenera kudziyeza nako, chifukwa kangathe kuonetsa ngati alibe kachilombo pomwe ali nako. Ngati kapepala ka kalabu yanu sikakumveka bwino pa mfundo yomalizayi, wina angathe kusiya mankhwala poganiza kuti wachira.

Akatswiri nawonso sadalira nzeru zawo zokha. Pulojekiti ya STAR, yomwe inayamba mu 2015 ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe ndi thandizo la bungwe la Unitaid, inachita zomwe tikukambazi. Ofufuza ankapatsa anthu wamba kachipangizo kodziyezera pamodzi ndi pepala la malangizo, iwo n'kumaonerera ndi kufunsa mafunso. Anapeza kuti ena ankavutika ndi zinthu zomwe olemba ankaziona ngati zapafupi, monga kutsegula paketi, komanso kuti zithunzi zina sizinkamveka. Taganizirani chithunzi cha mpeni ndi foloko chokhala ndi mtanda pamwamba. Kwa munthu wozolowera kudya kuhotela chikutanthauza kuti usadye. Nanga kwa ife amene timadya nsima ndi manja chikutiuza chiyani?

Tsono kuyesa uthenga kumayamba ndi funso limodzi: munthu akawerenga pepalali, tikufuna adziwe kuchita chiyani? Lembani zinthu zitatu kapena zinayi zokha. Kenaka chilichonse mwa izo chisandutseni kantchito koti munthu achite inu mukuona. M'malo momufunsa kuti "Kodi pepalali lakusangalatsani?", muonetseni chithunzi cha kachipangizo kokhala ndi mizere iwiri, n'kumuuza kuti: "Mnzanu wadziyeza ndipo zatuluka chonchi. Malinga ndi pepalali, achite chiyani?" Funso loyamba lija anthu a kwathu kuno amaliyankha mwaulemu, aliyense amati "lili bwino kwambiri". Lachiwirili ndi lomwe limaonetsa ngati wamvadi.

Pa tsikulo pakhale anthu awiri a kalabu, wina wocheza ndi mlendoyo, wina wolemba zomwe akuona. Muziitana munthu mmodzimmodzi, osati gulu, chifukwa pagulu amayankha ndi wolongolola mmodzi, ena onse n'kumangovomera ndi mutu. Mupempheni kuti aziyankhula mokweza zomwe akuganiza pamene akuwerenga. Chovuta kwambiri n'chakuti musamuthandize. Akakakamira pa liwu lina, mtima umafuna kumufotokozera, koma kumbukirani kuti pepalalo likadzafika kumudzi inu simudzakhalapo. Mufunseni chabe kuti, "Inuyo mukuganiza kuti akutanthauza chiyani pamenepa?" ndipo wolemba uja alembe.

Mufunika anthu angati? Si ambiri ayi. Katswiri wina woona za kagwiritsidwe ntchito ka makompyuta, Jakob Nielsen, analemba m'chaka cha 2000 kuti anthu asanu okha amatha kuvumbula pafupifupi mavuto 85 mwa 100 aliwonse. Iye ankanena za mapulogalamu ndi masamba a pa intaneti, koma mfundo yake imathandizanso kwa ife: ndi bwino kuyesa pa anthu asanu, kukonza zolakwika, n'kuyesanso pa asanu ena, kusiyana ndi kuitana anthu 15 tsiku limodzi. Ngati uthenga ukupita kwa magulu osiyana, monga anyamata ndi atsikana, tengani atatu kapena anayi kuchokera ku gulu lililonse.

Apa tafika pomwe makalabu ambiri amagwa, posankha anthuwo. Chapafupi n'kuitana mamembala anzanu, achibale, kapena ana a sukulu okhoza bwino m'kalasi. Anthu amenewa sangakuthandizeni kwenikweni. Anamva kale za ma ARV ndi uphungu kambirimbiri, moti ngakhale pepala litalembedwa mosokonekera iwo alimvabe. Amene mukumufuna ndi uja sabwera ku kalabu: mnyamata wa kabaza, mtsikana wogulitsa mandasi pamsika, mayi wachichepere amene anakwatiwa asanamalize sukulu, mnyamata amene amawerenga movutikira. Ngati m'dera lanu ambiri amayankhula Chiyao kapena Chitumbuka pakhomo, pasalephere kukhala mmodzi kapena awiri otere. Musanayambe kuitana, lembani papepala mtundu wa anthu amene mukufuna: zaka zawo, pomwe analekezera sukulu, mwamuna kapena mkazi, ndiponso ngati ali ndi foni ya WhatsApp pamene uthengawo ndi wa pafoni.

Anthu oterewa sapezeka mutangolengeza kutchalitchi kapena kumzikiti. Muyenera kuwatsata komwe ali, pa siteji ya kabaza, pa mjigo, pa bwalo la mpira. Dziwitsani amfumu ndi alangizi a zaumoyo a m'dera lanu musanayambe, kuti pasakhale mphekesera. Nthawi muikonze motsatira iwowo. Tsiku la msika simungamupeze wogulitsa, ndipo mtsikana sangaloledwe kuchoka pakhomo dzuwa litalowa. Itanani mmodzi kapena awiri oonjezera, chifukwa ena amalonjeza koma osabwera.

Samalaninso ndi mawu oitanira. Mukangoti "tikufuna tikuyeseni", wina amva ngati mukufuna kumuyeza magazi, wina aganiza za mayeso a kusukulu, ndipo onse awiri athawa. Nenani chonchi: "Achemwali, ife a kalabu talemba kapepala aka. Tikupempha mutithandize kuona ngati kakumveka. Tikuyesa pepalali, osati inuyo, ndipo pomwe simukumva ndiye kuti talakwitsa ndife." Muuzeni kuti zitenga mphindi pafupifupi 30, kuti dzina lake sililembedwa, komanso kuti ali ndi ufulu wokana kapena kusiyira panjira.

Pali malire omwe sitiyenera kudumpha. Musafunse munthu ngati ali ndi kachilombo kapena ngati anayezetsapo, ndipo musasankhe anthu potengera zomwe munamva za iwo. Ngati uthenga wanu ndi wa achinyamata amene akumwa ma ARV, pitani kwa azaumoyo amene amayendetsa magulu awo kuchipatala, iwowo ndi amene afunse ofuna kuthandiza. Pa zokambiranazi pasakhale wodziyeza zenizeni, gwiritsani ntchito zithunzi, chifukwa inu simunaphunzitsidwe kupereka uphungu kwa munthu amene wangoona mizere iwiri. Amene sanakwane zaka 18 ndi mwana malinga ndi malamulo a dziko lino, choncho pemphani chilolezo kwa makolo kapena omulera, komanso mwanayo avomere yekha. Ndipo ngati zomwe mwapeza mukufuna kuzifalitsa monga kafukufuku weniweni, imeneyo ndi nkhani ina, imafunika chilolezo cha komiti ngati NHSRC kapena COMREC.

Za kuthokoza, kabotolo ka zakumwa kapena kubweza ndalama yoyendera n'zokwanira. Mphatso ikakula kwambiri munthu amavomera ngakhale sakufuna, ndipo amayamba kuyamikira chilichonse. Komabe mnyamata wa kabaza amene wasiya makasitomala ake kwa theka la ola muyenera kumuganizira.

Mukamaliza, khalani pansi tsiku lomwelo zinthu zisanaiwalike. Yambani kukonza zomwe zingavulaze munthu, monga kusamva za mphindi 20 zija kapena za ma ARV. Za mtundu wa inki ndi kukongola kwa zithunzi zibwere pambuyo. Pepala lokonzedwalo mulibweretse kwa ife kapena kwa anamwino kuti tione ngati mfundo za chipatala sizinapotoke pofewetsa mawu, kenaka mukaliyesenso pa anthu asanu atsopano amene sanalionepo.