Mapu a pafoni anakaphunzira njira kwa okwera matatu

Mu Ogasiti 2015, anthu a mumzinda wa Nairobi ku Kenya anayamba kuona zachilendo pa Google Maps. Munthu akalemba pomwe ali ndi komwe akupita, foni inkamuuza nambala ya matatu oti akwere, siteji yokwerera komanso potsikira. Matatu ndi maminibasi a kumeneko, ndipo ndi amene amanyamula khamu la anthu opita kuntchito m'mawa uliwonse. Kufikira nthawi imeneyo, mapuwa ankatumikira mwini galimoto ndi woyenda pansi. Wokwera matatu ankangodalira kufunsa kondakitala.

Gwero la vutoli linali kutali ndi Kenya. Ndondomeko yolowetsera maulendo a mabasi ndi sitima m'mapu a pa intaneti, yotchedwa GTFS, inakonzedwa mu 2005 ndi Google pamodzi ndi TriMet, bungwe loyendetsa mabasi ndi sitima mumzinda wa Portland ku America. Kumeneko basi ili ndi nthawi yake yonyamukira, masiteji ake ndi odziwika, mtengo ndi wolembedwa. Matatu sayenda choncho. Amanyamuka akadzaza. Msewu ukathinana, dalaivala amapatuka n'kudzera kwina. Mvula ikagwa madzulo, mtengo umakwera pomwepo. Ndondomeko ya ku Portland inalibe malo olembapo zoterezi, choncho pa mapu zinkaoneka ngati Nairobi alibe zoyendera za anthu wamba.

Amene anasintha zinthu ndi gulu la Digital Matatus, lopangidwa ndi akatswiri a University of Nairobi, Columbia University, MIT ndi kampani ya Groupshot. Ophunzira a University of Nairobi anatenga mafoni okhala ndi GPS n'kumakwera matatu kuchokera poyambira mpaka pothera, akulemba njira ndi malo aliwonse amene galimoto yaima kuti anthu akwere kapena atsike. Anasonkhanitsa njira zoposa 130. Kenako akatswiriwo anasintha ndondomeko ija kuti ivomere galimoto yopanda nthawi yoikika. Mu Januwale 2014 anatulutsa mapu osindikizidwa, njira iliyonse ili ndi mtundu wake, ndipo kwa nthawi yoyamba anthu a mumzindawo anaona ndi maso kuti matatu awo ali ndi dongosolo, ngakhale ena ankawanena kuti ndi chipwirikiti.

Zofananazo zinachitikanso ku India. Mapu oyambirira ankalondolera munthu potchula mayina a misewu ndi kutalika kwa mtunda. Koma misewu yambiri kumeneko ilibe zikwangwani, ndipo ina anthu amaitchula ndi mayina osiyana ndi amene boma linalemba. Ogwira ntchito ku Google atafufuza m'mene anthu amalondolerana njira, anapeza kuti amatchula kachisi, sitolo, malo omwetsera mafuta kapena nyumba yodziwika. Mu 2009 mapuwo anayamba kutchula zizindikiro zoterezi, kuti woyenda adziwe pokhotera komanso atsimikize kuti sanasochere.

M'dziko lomwelo, mu Disembala 2017, pa Google Maps panayambika gawo la oyendetsa njinga zamoto. Njinga imadutsa m'tinjira momwe galimoto singalowe, ndipo liwiro lake n'losiyana, kotero nthawi yofikira imene foni inkawerengera galimoto inkawasocheretsa. Mu Okutobala 2018 gawoli linafika ku Kenya, dziko loyamba mu Africa kulilandira, chifukwa cha kuchuluka kwa akabaza a njinga zamoto otchedwa bodaboda.

Zosowa zina n'za m'thumba ndi za m'thupi. Kuyambira mu 2015, munthu akhoza kusunga mapu a dera lake m'foni pomwe pali intaneti, n'kumalondoleredwa nawo kumalo kopanda netiweki, osaononga bandulo. Mu Malichi 2018, mizinda monga London, New York, Tokyo ndi Sydney inalandira njira za anthu oyenda pa njinga za olumala, zopewa masiteshoni okhala ndi masitepe okhaokha. Kwa munthu woteroyo, njira yaifupi ilibe phindu ngati kumapeto kwake kuli masitepe.

Nkhaniyi ikutikhudza kwathu kuno. Ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Lusaka ambiri timayenda pa minibasi ndi pa kabaza, ndipo mlendo timamulondolera kuti akatsikire pa chigayo, akadutse mjigo, akafunse kuseri kwa tchalitchi. Nzeru zimenezi zili m'mitu mwa madalaivala, makondakitala ndi akabaza, ndipo sizingalowe zokha m'foni. Ku Nairobi zinatheka chifukwa ophunzira anakwera matatu n'kulemba zimene anaona. Masukulu athu a ukachenjede ndi makhonsolo a mizinda angathe kuchita chimodzimodzi, pogwiritsa ntchito OpenStreetMap, mapu amene anayamba mu 2004 ndipo aliyense ndi wololedwa kuwonjezerapo. Chofunika n'kudziwiratu kuti ntchitoyi si ya tsiku limodzi. Masiteji amasamuka, madera atsopano amamangidwa, njira zimasintha, choncho pafunika anthu ndi ndalama zoti mapuwo azikonzedwa chaka ndi chaka.