Mchira wa Mwayi wadzuka

Amene mumayenda m'misewu ya mu Lilongwe mumawaona anyamata atanyamula tiagalu, kutikweza m'mwamba kuti a pagalimoto atione bwino. Timakhala tokongola, taubweya wofewa, timaso tili waliwali. Amake a tiagaluto ndiwo safika pamsewu. Mwayi wathu anali mmodzi wa amayi oterowo, ndipo mmene wasinthira, ndimafotokozera aliyense wofika pakhomo pano, afunse asafunse.

Anakulira m'khola la waya ndi malata kuseri kwa nyumba ina, pansi pali simenti yokhayokha. Ntchito yake inali kuswa basi. Galu wamkazi amafuna mphongo pafupifupi kawiri pachaka, ndipo bere lake limatenga masiku ngati 63, choncho mwini wake sankamupumitsa. Ana ankamulanda asanakwanitse n'komwe masabata 8 amene kagalu kamayenera kukhala ndi make. Atayamba kuswa ana ochepa, mwiniyo anati wofuna adzatenge. Mnansi wathu atatitsina khutu, tinapita.

Tinapeza galu woti nthiti n'kuziwerenga uli patali. Mawere anali lendelende, makutu odzaza nkhupakupa, zikhadabo zitatalika mpaka kupindika chifukwa chosapondako dothi. Mchira anali ataupanikiza pamimba. Titafika naye kunyumba n'kumutsitsa pakapinga, anayamba kunyamula mapazi limodzilimodzi, chifukwa udzu sankaudziwa. Kenaka anakwawa chamimba mpaka kuseri kwa mgolo wa madzi, n'kukhala zii.

Bambo a kunyumba anamuyang'ana n'kupukusa mutu. "Amake mwana, galu wosauwa ndi wachiyani pakhomo?"

"Bambo, mulekeni ayambe wapuma," ndinatero.

Ku chipatala cha ziweto cha bungwe la LSPCA anamubaya katemera wa chiwewe, kumupatsa mankhwala a njoka zam'mimba ndi a nkhupakupa, n'kumuwenga zikhadabo. Atalimbako thupi anamuchita opaleshoni yoti asaswenso. Adokotala anatifotokozera kuti kagalu kamazolowera anthu, phokoso ndi zinthu za pakhomo kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12. Mwayi nthawi imeneyo inamupitira m'khola, n'chifukwa chake ndowa, tsache ndi dzanja la munthu, zonse kwa iye zinali zoopsa. Anatilangiza kuti tisamukoke pobisala pake, tisamuyang'anitsitse m'maso, tizimupatsa chakudya nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo tidikire kuti abwere yekha.

Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo ndinkayala mkeka chapatali ndi mgolo uja, n'kumasankha nyemba nditam'patsa mbali. Nthawi ndi nthawi ndinkaponya kabonya osacheuka. Poyamba kankakhala pomwepo mpaka usiku, ife titagona. Kenaka ndinayamba kumva kaphokoso ka mphuno kumbuyo kwanga, ine mtima uli phaphapha, koma maso pa lichero.

Mphunzitsi wamkulu anali Bingo, galu wathu wokalamba. Bingo akamwa madzi, Mwayi ankamwa pambuyo pake. Bingo akagona padzuwa, iye ankagona chapafupi. Ataona kuti mnzakeyo akukandidwa pamutu koma sakuthawa, anayamba kusendeza khosi pang'onopang'ono. Tsiku lina anatola bonya m'dzanja la mwana wathu wamkazi, mwanayo atauma gwa, misozi ili mbwee chifukwa cha chimwemwe.

Za mchira ndiye sitidzaiwala. Ndinali kukhitchini mwanayo pobwera kusukulu, ndipo ndinangomva kukuwa: "Amama, thamangani! Mchira! Mchira wadzuka!" Ndinatuluka mthiko uli m'manja. Mwayi anali pageti, mchira uli m'mwamba, ukugwedezeka mwamphamvu mpaka chiuno chonse kumatsatira. Ndinalulutira masana dzuwa likuswa mtengo, anansi n'kusuzumira pampanda kuti kaya kwabadwa mwana.

Kuuwa kunabwera pambuyo pake, mbuzi ya eni itasuzumira padimba. Liwu loyamba linatuluka losasa, mwini wake n'kudzidzimuka nalo. Lachiwiri linamveka mpaka kumsewu. Bambo aja anatuluka m'nyumba akuseka chikhakhali, ndipo madzulo ake anabwera ndi mafupa a kubutchala. Lero mukawafunsa, amati galu ameneyu ndi wawo.

Mukamuona pano simungakhulupirire. Nthiti zinakwiririka, ubweya ukuchita kunyezimira. Kapinga amene ankamuopa uja ndi pamene amagubuduzikapo m'mawa uliwonse, miyendo ili m'mwamba. Amaba patapata wa aliyense n'kukamusunga kuseri kwa mgolo, komwe kale ankabisako thupi lake. Akamva mtsikana wathu akutsegula geti amazungulira nyumba liwiro la mtondo wadooka, Bingo n'kumangomuyang'ana. Mantha ena alipobe: munthu akakweza tsache amagwada, ndipo mabingu a dzinja ndi makombola a Chaka Chatsopano amamubweza pobisala pake. Koma pano phokoso likatha amatuluka yekha, n'kudzatsamira mwendo wanga.

Agalu ngati Mwayi aliko ngakhale kumaiko olemera. Ku Wales, mu 2013, anapulumutsa galu wotchedwa Lucy, wa mtundu wa Cavalier King Charles Spaniel, pamalo oswetsera agalu a malonda, msana utapindika chifukwa cha khola lothina. Anakhala zaka zake zomaliza pakhomo pa munthu womukonda, n'kufa mu 2016. Nkhani yake inagwedeza anthu mpaka ku England kunakhazikitsidwa lamulo lotchedwa Lucy's Law, lomwe linayamba kugwira ntchito pa 6 Epulo 2020. Limaletsa ogula n'kugulitsanso kuchita malonda a tiagalu ndi tiamphaka tosakwana miyezi 6. Wofuna kagalu apite kwa woweta mwiniwake kapena kumalo osungirako ziweto zopulumutsidwa.

Ifenso tingachite zomwezo popanda kudikira lamulo. Musanatulutse ndalama pamsewu, funsani kuti make wa kagaluko ali kuti, ndipo mukamuone ndi maso anu. Ngati mukufuna galu pakhomo, pitani kumalo ngati a LSPCA, mukafunse za uja wakhala kungodya, wosayang'ana munthu. Mupatseni pobisala, chakudya ndi nthawi. Tsiku limene mchira wake udzadzuke, nanunso mudzaitana anansi.