Dzina la bizinesi pa intaneti: Nkope si nkhope

Kuno kunyanja palibe munthu amagula boti n'kulisiya lopanda dzina. Ngakhale kagolosale ka zitseko za malata kamakhala ndi dzina lolembedwa ndi penti wofiira. Koma masiku ano chikwangwani cha pamsewu wa Mangochi-Monkey Bay sichikukwanira. Mlendo wa ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amayamba wafufuza pafoni malo ogona asadanyamuke, ndipo akalephera kukupezani, ndalama zake zikadyedwa ku Nkopola kapena ku Cape Maclear, inu muli kukamwa yasaa!

Dzina lomwe anthu amalemba kuti akupezeni pa intaneti amalitcha domain. Ine ndalondola nkhaniyi kamba ka abale anga omwe akutsegula timabizinesi pa Nkope, Makawa ndi Namaso Bay, ndipo ndaona kuti ambiri amathera maganizo pa penti ndi mipando, za dzina n'kusiyira mnyamata wa kompyuta.

Vuto loyamba ndi kalembedwe. Dzina loti Nkope ndi lodziwika ndithu: akatswiri a mbiri yakale adatcha nalo mtundu wa mbiya zamakedzana Keith Robinson atafukula pagombe pano n'kusindikiza zomwe adapeza mu 1970. Komabe muuzeni munthu wa ku Dedza palamya kuti "Nkope", iye alemba "nkhope". Wapositi angathe kuseka n'kufikitsa kalatayo, koma kompyuta ilibe chifundo: lemba limodzi likalakwika, basi mwasochera. Chimodzimodzinso l ndi r, zomwe ife Amalawi timazisinthanitsa osadziwa, komanso ŵ wa kadenga yemwe ambiri sadziwa pomwe ali pafoni.

Tsono yesani chonchi. Tchulani dzina lanulo kamodzi kokha kwa anthu asanu, wina wolankhula Chiyao, wina Chichewa, wina mlendo, muwauze alilembe. Awiri akalakwitsa, lisiyeni. Ngati mwakakamira dzina la Nkope, lembetsani onse awiri, la h ndi lopanda h, kuti wolakwitsayo afikebe pakhomo panu.

Malamulo ake ndi ochepa. Mumagwiritsa ntchito malemba, manambala ndi kamzere kapakati, popanda mpata pakati pa mawu, ndipo dzina lisapyole zilembo 63. Koma nanga ndani angaloweze dzina lotalika ngati khoka? Mawu awiri akwana: malo ndi malonda anu. Wogulitsa usipa woumitsa anene za usipa. Wa malo ogona anene za malo ogona. Manambala apeweni, poti womva sadziwa ngati alembe 2 kapena mawu.

Kenaka pali mchira wa dzinalo. Mchira wa .com ndi wa dziko lonse lapansi. Dzina loyamba lidalembetsedwa pa 15 March 1985, ndipo lero maina okoma ngati chambo adatengedwa kalekale. Wathu wa Malawi ndi .mw, womwe udakhazikitsidwa mu 1997. Mu 2002 udapatsidwa kwa bungwe la Malawi SDNP la ku Blantyre, ndipo lamulo la 2016 lokhudza za intaneti lidapatsa MACRA mphamvu pa kayendetsedwe ka mainawa. Ubwino wa .mw ndi woti maina ambiri akadali opanda mwini, komanso wogula amadziwiratu kuti ndinu wakonkuno. Wa .com mtengo wake amawerengera m'madola, ndipo onse amene adali ndi bizinesi mu November 2023, pomwe kwacha idagwa ndi 44 peresenti, akudziwa tanthauzo lake. Wodalira azungu odzaona mbuna ku Lake Malawi National Park, yomwe UNESCO idaiika pamndandanda wa malo ofunika mu 1984, angachite bwino kukhala ndi michira yonse iwiri thumba likalola.

Musayerekeze kubera dzina la hotela kapena kampani yotchuka n'cholinga chokopa alendo ake. Kuyambira mu 1999 pali njira yodandaulira maina a .com, ndipo bungwe la WIPO ku Geneva limagamula milandu yotere. Wakuba amalandidwa dzina, zikwangwani zake n'kusanduka nkhuni. Dziwaninso kuti kulembetsa bizinesi kuboma ndi nkhani ina, kulembetsa dzina pa intaneti ndi inanso. Chiphaso cha boma sichikusungirani dzina pa intaneti. Fufuzani konse kuwiri, ndi pa Facebook pomwe, musadaitane wolemba chikwangwani.

Koma chomwe chimaliza anthu ambiri ndi umwini. Mlamu wanga wina adamanga zipinda zinayi za alendo m'mphepete mwa nyanja. Adalipira mnyamata wina wa m'tauni kuti amukonzere zonse za pa intaneti, dzinalo adalilemba pachikwangwani, pamakadi ndi pamalisiti. Chitatha chaka adasemphana pa nkhani ya malipiro, ndipo m'pamene adatulukira kuti dzinalo mnyamatayo adalilembetsa ngati lake.

"Alamu, nyumba ndamanga ndine, koma loko ndi kiyi ndi za mwini," adandiuza choncho mlamuyo, misozi ili m'maso.

Adachita kuliwombola dzina lake lomwe ndi ndalama zomwe adasungira simenti. Safunsa adadya phula. Musadapereke tambala, funsani kuti, "Achimwene, pa mwini mwalemba ndani?" Pakhale dzina lanu, nambala yanu ya foni ndi imelo yanu, ndipo mawu achinsinsi olowera musunge nokha monga momwe mumasungira nambala ya Mpamba kapena Airtel Money.

Chomaliza, dzinali sagula ngati njinga ayi, ndi lendi. Mumalipira chaka ndi chaka, ngakhale la .com mutha kulipiriratu mpaka zaka 10. Mukaiwala limagwa, ndipo pali anthu omwe ntchito yawo n'kudikira maina akugwa kuti akugulitseni pamtengo woboola m'thumba. Musati izi ndi za amphawi okha: mu December 1999 kampani ya Microsoft idaiwala kulipira dzina la passport.com, anthu ambiri adalephera kutsegula makalata awo a Hotmail, mpaka munthu wamba adawalipirira madola 35. Ngati njovu idapunthwa chonchi, kuli bwanji kalulu wa pa Nkope?

Lembani tsiku lolipira pakalendala ya kukhoma, pafupi ndi tsiku la laisensi ya kukhonsolo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.