Malipenga a M'mbale Zakale

Ambiri a ife tamvapo akuluakulu akudandaula kuti nyimbo zamakono sizifika pa nyimbo za m'mbale za galamafoni. Ife timangoseka nkumati ndi ukalamba chabe. Koma zilipo mbale zina zimene anthu a m'maiko ambiri akuzisowabe kufikira lero, ndizo mbale za magulu aakulu a jazi a ku America, makamaka zija lipenga limveka pamwamba pa zoimbira zonse. Tiyeni tione chimene chinali m'mbale zimenezi.

Gulu lotere, limene eni ake alitcha big band, linkakhala ndi anthu ngati 15. Linkagawidwa panayi: oimba malipenga atatu kapena anayi, oimba trombone, oimba saxophone, ndi ena ogwira mayendedwe a nyimbo ndi piyano, gitala, besi ndi ng'oma. Mwa a malipengawo mmodzi ankatsogolera anzake ndi mawu apamwamba, ndipo wina ankaimirira yekha pakati pa nyimbo napeka zake pomwepo, zosalembedwa papepala.

Lipengalo ndi mpope wamkuwa wopindidwa, umene utawongoledwa utalika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo uli ndi mabatani atatu okha. Mawu ake ayambira pa milomo ya woimba, imene injenjemera pamene iye auzira. Mwa ichi anthu awiri angagwire lipenga limodzi lomwelo koma lidzalira mosiyana, ndipo wozolowera kumvetsera amzindikira woimba monga tizindikira mnzathu ndi liwu lake mumdima.

Kajambulidwe kake kanali kovuta. Mbale ya masiku amenewo inkazungulira ka 78 pa mphindi imodzi, ndipo mbali imodzi inkatenga nyimbo ya mphindi zitatu chabe. Gulu lonse linkaimbira pamodzi m'chipinda chimodzi, singano ikulemba mawuwo pa phula nthawi yomweyo. Panalibe kudula kapena kumata monga achitira ndi kompyuta lero. Mmodzi akaphonya, onse ankayambanso, kapena cholakwacho chinkakhala m'mbalemo mpaka kalekale. Tsono woimba lipenga, amene mwina anapatsidwa theka la mphindi lokha, anayenera kunena zonse za kumtima kwake m'kanthawi komweko.

Amene anatsegula njira ndi Louis Armstrong wa ku New Orleans, wobadwa mu 1901. Mu 1924 analowa gulu la Fletcher Henderson ku New York, ndipo kaimbidwe kake kanasintha gulu lonselo, pambuyo pake magulu enanso anatsanzira. Mu 1937 Bunny Berigan anajambula "I Can't Get Started" pa mbale yaikulupo, kuti nyimbo yake ya mphindi pafupifupi zisanu ikwanemo. Iyeyu anafa mu 1942 ali ndi zaka 33 zokha, thupi litatha ndi mowa. Cootie Williams wa gulu la Duke Ellington ankaphimba kukamwa kwa lipenga ndi mphira uja okonza mipope atsegulira mpope wotsekeka, ndipo lipengalo linkabangula ndi kudandaula ngati munthu. Ellington anampekera nyimbo yakeyake, "Concerto for Cootie", mu 1940.

Si zonse zinali zokoma. Roy Eldridge, munthu wakuda, analowa gulu la azungu la Gene Krupa mu 1941 najambula nalo "Rockin' Chair". Usiku anthu ankamuombera m'manja, koma mahotela ena amene anzake ankagonamo ankamkaniza malo chifukwa cha khungu lake. Womvetsera amene adziwa zimenezi aimva nyimboyo mwa mtundu wina.

Ku Africa kuno nakonso kunachokera kanthu. Nyimbo ya "Skokiaan", imene anapeka August Musarurwa wa ku Bulawayo, inawoloka nyanja, ndipo Armstrong anaijambula mu 1954.

Nanga magulu amenewa anatha bwanji? Zifukwa zake zinadza motsatana. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inatenga anyamata ambiri oimba. Kuyambira mu 1942 kufikira mu 1944 bungwe la oimba linaletsa anthu ake kujambula mbale, polimbana ndi makampani pa nkhani ya malipiro. Mu 1944 boma linaika msonkho waukulu pa malo ovinira. Anthu anayambanso kukonda oimba ndi pakamwa monga Frank Sinatra, ndipo kulipira ndi kuyendetsa anthu 15 kunakhala kolemetsa. Pakutha pa 1946 atsogoleri otchuka angapo, pamodzi ndi Benny Goodman ndi Harry James, anabalalitsa magulu awo. Ena analimbikirabe: Dizzy Gillespie anajambula "Manteca" mu 1947 pamodzi ndi Chano Pozo, woimba ng'oma wa ku Cuba, ndipo Ellington anasunga gulu lake mpaka imfa yake mu 1974. Koma nthawi imene big band inali nyimbo ya aliyense inali itapita.

Kotero chimene akuluakulu akusowa si kukhwekhwereza kwa singano ayi. Akusowa kumva anthu ambiri akupumira pamodzi, yense akusunga malo ake, ndi mmodzi akuimirira poyera wopanda pobisala. Luso lotere silibwera m'tsiku limodzi, pakuti milomo ya woimba lipenga ifooka akangogonera masiku ochepa osayeseza.

Nyimbo ndatchulazi zipezeka pa intaneti, ndipo iliyonse siitenga mphindi zoposa zisanu. Ndikupemphani anzanga, makamaka a kwaya ndi onse okonda zoimbaimba, kuti musankhe imodzi, mukhale chete, muimve kawiri: koyamba mumvere gulu lonse, kachiwiri mutsate lipenga lokha. Mukatero mudzaweruze nokha ngati mawu a akulu sakoma akagonera.

Wophunzira wa Fomu 4