Bambo ndi Mayi Gaither: Banja Lopeka Nyimbo Zauzimu

Akhristu ambiri okonda nyimbo zauzimu za m'Chingerezi anamvapo nyimbo yotchedwa "Because He Lives", makamaka pa nyengo ya Pasaka ndi pamaliro. Koma ndi ochepa amene amadziwa kuti nyimboyi inapekedwa ndi anthu awiri, mwamuna ndi mkazi wake, pa nthawi imene mitima yao inali yodzaza ndi nkhawa. Anthuwa ndi Bambo Bill Gaither ndi Mayi Gloria Gaither a ku America. Iwowa si Akatolika ai, komabe taona kuti mbiri yao ndi yoyenera kuifotokoza kwa akatekisiti ndi onse otumikira m'makwaya mwathu, popeza ikusonyeza momwe moyo wa m'banja umasandukira nyimbo.

Bambo Gaither anabadwa m'chaka cha 1936 m'katauni ka Alexandria, m'chigawo cha Indiana. Ali mnyamata ankalakalaka kukhala woyimba, ndipo m'chaka cha 1956 anayambitsa gulu la anthu atatu pamodzi ndi mng'ono wao ndi mlongo wao. Kuyimbako sikunali kodyetsa munthu, motero ataphunzira pa Anderson College, sukulu ya mpingo wa Church of God, anayamba uphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ya kwao komweko. Ndi pa sukulu imeneyi pomwe anakumana ndi Gloria Sickal, mwana wa mbusa wochokera ku Michigan, wobadwa mu 1942, amene anabwera kudzaphunzitsa Chifalansa. Anamanga banja mu 1962, ndipo pasanapite nthawi Mayi Gloria analowa m'gulu lija m'malo mwa mlamu wao.

Zaka zoyambazo anthuwa ankagwira choko masana, usiku n'kumapeka nyimbo, ndipo kumapeto kwa sabata ankayendera matchalitchi kukayimba. Pantchitoyi aliyense anali ndi gawo lake. Kawirikawiri bambo ndiwo ankabwera ndi maimbidwe ndi ganizo loyamba ali pa piyano, pamene mayi, amene ali ndi mphatso ya ndakatulo, ankasula mau. Ife amene takhalapo pa zokonzekera za kwaya tikudziwa kuti nkhani ya "wapeka ndani" yagawanitsa magulu ambiri. Apa panali anthu awiri ogona nyumba imodzi, amene tsiku ndi tsiku ankayenera kuuzana kuti mzere uwu sunakome, tiuchotse. Nyimbo zimene apeka mwa njira imeneyi zimaposa 700.

Nyimbo yoyamba kutchuka inali "He Touched Me", imene Bambo Gaither anapeka mu 1963. Oyimba ena atayamba kuijambula, dzina lao linamveka kutali, ndipo mu 1967 anasiya uphunzitsi kuti adzipereke kwathunthu ku nyimbo. Pambuyo pake Elvis Presley anaiyimbanso nayika dzina lake pa chimbale chake cha 1972, chimene chinalandira mphotho ya Grammy.

Tsono tibwerere ku nyimbo tinayamba nayo ija. Zaka za kumapeto kwa m'ma 1960 zinali zowawa ku America. Anyamata ankafa ku nkhondo ya ku Vietnam, Martin Luther King anaphedwa mu 1968, mankhwala ozunguza bongo anali ponseponse, ndipo anthu ena ophunzira ankalalikira kuti chikhulupiriro chatha ntchito. Mu 1966 magazini ya Time inafika pofunsa pachikuto pake ngati Mulungu anafa. Nako kunyumba kwa a Gaither zinthu sizinali bwino, chifukwa bambo ankadwala matenda ofooketsa thupi amene anawasiya ali otaya mtima, pomwe mayi anali oyembekezera mwana wachitatu. Funso limene linkawavuta ndi lomwe makolo ambiri amadzifunsa mumtima osalitchula: kodi n'chanzeru kubereka mwana m'dziko lotere?

Mayi Gloria akhala akufotokoza zinthu ziwiri zimene zinawatsitsa mtima. Choyamba ndi kaudzu kamene apongozi ao aamuna anawaonetsa katabowola phula latsopano la pamalo oimikapo magalimoto. Chachiwiri ndi kubadwa kwa mwanayo, wamwamuna, mu 1970. Atamunyamula m'manja anazindikira kuti tsogolo la khandalo silikudalira kuti dziko likhale pamtendere, koma kuti Khristu anauka kwa akufa ndipo ali moyo. Nyimboyo inatuluka mu 1971, ndipo maziko ake ndi lonjezo la Ambuye limene timawerenga pa Yohane 14:19. Ndime imodzi imakamba za khanda longobadwa kumene, ndipo n'chifukwa chake nyimbo ya kuuka kwa Ambuye ili ndi ndime imene poyamba munthu angadabwe kuti yalowamo bwanji. Mu 1974 inalandira mphotho ya Dove monga nyimbo yopambana ya chakacho.

Kunena zoona, nyimbo za banjali sizinapekedwere Nsembe ya Misa. Zambiri ndi umboni wa munthu mmodzi wonena zimene Yesu wamuchitira, pamene nyimbo ya pa Misa ndi pemphero la Mpingo wonse ndipo imatsata gawo la mwambo ndi nyengo ya chaka. Otsogolera makwaya azisiyanitsa zimenezi. Ngakhale zili choncho, woyimba wa Chikatolika Matt Maher anatenga mutu wa nyimbo ija napekerapo yatsopano, "Because He Lives (Amen)", imene inatuluka mu 2014, ndipo maina a Bambo ndi Mayi Gaither analembedwa pakati pa oipeka. Bungwe loona za umwini wa nyimbo la ASCAP linali litawalemekeza kale m'chaka cha 2000 monga opeka nyimbo zachikhristu opambana m'zaka 100 zonsezo. Ulemuwo unaperekedwa kwa awiriwo pamodzi.

Gawo lina la ntchito yao linayamba mosayembekezera. Mu 1991, pojambula chimbale cha gulu la Gaither Vocal Band ku Nashville, Bambo Gaither anaitana oyimba akale amene iwo ankawamvera ali mwana kuti adzayimbe nao nyimbo imodzi. Ambiri mwa iwo anali atakalamba ndipo anthu anali atayamba kuwaiwala. Nyimboyo itatha, nkhalambazo sizinafune kubalalika. Zinazungulira piyano n'kumayimba nyimbo zakale, kukumbutsana za anzao amene anatsogola, ena misozi ili mbwembwembwe, kamera ikujambulabe. Kuchokera pamenepo panabadwa mndandanda wa mavidiyo ndi misonkhano ya nyimbo yotchedwa Homecoming, imene inafalikira m'maiko ambiri ndi kusanduka malonda aakulu ndithu. Sitingabise kuti banjali linapeza nazo chuma, koma nawonso okalamba aja anapeza ntchito ndi ulemu pa nthawi imene ankayesa kuti zao zatha.

Pakati pa oitanidwa tsiku limenelo panali banja linanso loyimba, Howard ndi Vestal Goodman, amene anakwatirana mu 1949. Homecoming inawabwezera pamaso pa anthu, ndipo anayimba limodzi kwa zaka zina khumi kufikira Bambo Goodman atamwalira mu 2002. Mayi Vestal anatsatira chaka chotsatira. A Gaither eni ake anakwanitsa zaka 60 ali m'banja mu 2022, ndipo zaka zonsezo nyumba yao inali ku Alexandria komwe kuja, katauni kamene anakumanirako ali aphunzitsi.