Makutu Awiri a Msilikali wa M'magazi

Galu wolondera mudzi afunika nzeru ziwiri: kuluma wakuba ndi kuleka mwini nyumba. Wosadziwa kuluma ndi wachabe, koma woluma aliyense ndi woopsa koposa. Asilikali a m'thupi la munthu nawonso ali pa mpanipani womwewu, pakuti mphamvu imene amaphera matenda ikhoza kuononga thupi lomwe akuliteteza.

Pakati pa asilikaliwa pali maselo otchedwa NK, amene anadziwika m'chaka cha 1975 ndi Rolf Kiessling ndi anzake ku Stockholm, ndiponso ndi Ronald Herberman ku Amereka. Maselowa amapha maselo a khansa ndi ena amene mwalowa kachirombo, osadikira kuti aphunzitsidwe kaye za mdaniyo. Nanga tsono amadziwa bwanji woti aphedwe?

M'chaka cha 1986 Klas Kärre wa ku Sweden anapereka umboni wa yankho lake. Pafupifupi selo iliyonse yamoyo wabwino imavala chizindikiro chotchedwa HLA, chonena kuti ndi ya m'thupi momwemo. Selo ya NK ikachipeza chizindikirocho imapitirira ulendo wake. Koma tizirombo tina ndi khansa zina zimachotsa chizindikirochi pofuna kubisalira asilikali ena otchedwa maselo a T, ndipo pamenepo NK imaona kuti chasowa, nkukantha.

Selo ya NK imamva zonsezi ndi timakutu tating'ono ta pakhungu pake, timene akatswiri amati ma receptor. Tina timanena kuti "Leka", tina kuti "Menya". Chodabwitsa nchakuti tambiri timakhala tiwiritiwiri ngati mapasa. Kunja kwa selo nkhope zawo nzofanana, kotero kuti kawirikawiri timagwira zinthu za mtundu umodzi. Kusiyana kuli m'kati. Koletsa kali ndi mchira wautali umene umazimitsa lamulo la nkhondo. Kodzutsa kali ndi mchira waufupi ndipo kamadalira mnzake wina, monga DAP12, kuti uthenga ufike. Mwa anthu, KIR2DL1 ndi koletsa pamene KIR2DS1 ndi kodzutsa. Selo imayesa mawu a mbali ziwirizi monga pa sikelo, ndipo mbali yolemera ndiyo imamveredwa. Kawirikawiri koletsa ndiko kamagwira HLA mwamphamvu, ndiye chifukwa chake thupi silidzidya lokha.

Phindu la mapasawa linaoneka bwino m'chaka cha 2002, pamene Hisashi Arase ndi Lewis Lanier ku San Francisco anafufuza kachirombo ka mbewa kotchedwa cytomegalovirus. Kachiromboka kamapanga chizindikiro chonamizira, m157, chimene mwa mbewa zina chimagwira khutu loletsa la Ly49I. Koma mbewa za mtundu wina zili ndi mnzake wodzutsa, Ly49H, amene amagwira chonamizira chomwecho. Mwa mbewa zimenezi chinyengo chimasanduka msampha: kachirombo kamadziulula kokha, ndipo mbewazo zimapirira matendawa.

Nkhaniyi ikhudzanso malungo. Plasmodium falciparum, kachirombo ka malungo oopsa amene afala kuno kwathu, kamaika zinthu zotchedwa RIFIN pamwamba pa maselo ofiira a magazi. M'chaka cha 2017 gulu la Arase ku Osaka linapeza kuti zina mwa zimenezi zimagwira khutu loletsa la LILRB1, ndipo asilikali amafooka pa nthawi imene akufunika koposa.

Timakutu ta KIR munthu amatengera kwa makolo, ndipo aliyense ali ndi kasakanizidwe kake. Ichi nchimodzi mwa zifukwa zimene anthu awiri ogwidwa ndi kachirombo kamodzi amadwala mosiyana. Wodwala kwambiri sayenera kunenedwa kuti ngwaulesi kapena kuti walodzedwa. Afunika kufulumira naye kuchipatala.