Mapazi Pansi, Maso pa Singano

Achinyamata ambiri a ku Tete amene amakonza zikwangwani za mabaraka, mapositala a misonkhano ya tchalitchi ndi zithunzi zodinda pamalaya akujambulabe ndi mawusi. Ntchito imatheka ndithu, koma mzere umatuluka wouma, wonenepa mofanana kuyambira kumutu mpaka kumchira. Akatopa nazo amayamba kufunsa za tabuleti yojambulira: ndigule ya sikirini kapena yopanda?

Yankho lili pakhonde la telala wa mumsika wa Kwachena. Muyang'anitsitseni akamasoka kapulana. Mapazi ali pansi pachopondera, sawayang'ana n'komwe, maso ali pasingano. Tabuleti yopanda sikirini ndi momwemo. Ndi kathabwa kolumikizidwa ku laputopu ndi chingwe cha USB. Dzanja limalemba pakathabwapo pamene maso ali pakompyuta. Ngodya iliyonse ya kathabwako ili ndi inzake pasikirini, ndipo cholembera chikangoyandikira, chisanagunde n'komwe, kadontho kamayamba kukutsatani.

Masiku oyamba zimapsetsa mtima. Mufuna bwalo, likutuluka dzira. Koma ndani anakhala pamakina tsiku loyamba gudumu osabwerera m'mbuyo n'kudula ulusi? N'chifukwa chake wophunzira amayamba ndi pepala la thumba la simenti, wopanda ulusi, kumangoboola mizere mpaka phazi ndi diso zitamvana. Inunso bisani mawusi m'kabati, chilichonse muzitsegula ndi cholembera, ngakhale Facebook imene. Dzanja limazolowera lokha.

Ubwino weniweni uli pa kukanikiza. Telala akaponda mwamphamvu makina amathamanga, akafewetsa phazi amayenda mwaulemu pokhota kolala. Cholemberachi chimamvanso dzanja: mukakanikiza mzere umanenepa, mukapepuza umaonda ngati tsitsi. Pabokosi amalemba 4096 kapena 8192, kutanthauza masitepe a kukanikizako. Manambalawo asakudyereni ndalama, zala za munthu sizingasiyanitse ziwirizi.

Za mayina nazo n'zodziwika. Wacom, kampani ya ku Japan yomwe inayamba mu 1983, ili ngati makina osokera a Singer pantchitoyi: yolimba, yotchuka, yodula. Huion ndi XP-Pen za ku China zili ngati makina a Butterfly, ndipo madiresi angati a ukwati asokedwa pa Butterfly mkwatibwi osadandaula? Chachikulu, cholembera chikhale chosafuna batire, chotenga mphamvu pakathabwa pomwepo. Kansonga kake kapulasitiki kamatha ngati singano, makamaka ndi fumbi la kuno m'chilimwe, choncho werengani nsonga zapadera m'bokosi musanalipire ndipo muzipukuta kathabwako musanayambe ntchito. Wina akakutsatsani tabuleti yakale yotsika mtengo koma cholembera chinatayika, thokozani n'kumapita. Cha kampani ina sichigwira, ndipo kuitanitsa chatsopano ku Maputo kapena ku Johannesburg kungakudyereni zonse zimene mumati mwapulumutsa.

Nanga ya sikirini? Imakoma, tisanamizane. Umaona mzere ukubadwa pansi pa nsonga ngati papepala. Koma mtengo wake ndi wa zopanda sikirini zingapo, zambiri zimafunabe kompyuta yokhala ndi polowetsa HDMI, ndipo galasi limafunda. Mu Okutobala, kutentha kukapitirira madigiri 40 ndipo mphepo ya ku Zambezi yaleka, dzanja la thukuta limakakamira pagalasi mpaka munthu kuvala kagolovesi ka zala ziwiri. Tabuleti ya sikirini ili ngati makina osokera amagetsi: wa maoda ambiri amapindula nawo, koma saphunzitsa munthu kudula nsalu.

Kukula kwake muyeze ndi tebulo lanu ndi laputopu yanu. Yaikulu kwambiri imatopetsa phewa, komanso siilowa m'chikwama mukamakwera chapa kuwoloka mlatho wa Samora Machel kupita kwa kasitomala ku Matundo kapena ku Moatize. Pulogalamu musagule msanga, Krita ndi yaulere ndipo imamva kukanikiza bwinobwino mukangoika dalaivala wa tabuletiyo. Opanda laputopu afunse ngati tabuletiyo imagwira pa foni ya Android kudzera pa kachingwe ka OTG, pakuti zambiri zatsopano zimatero ndi ibisPaint.

Ngati mukungoyamba kumene, gulani yaing'ono kapena yapakati, yopanda sikirini. Ya galasi idzagulidwe ndi ndalama za makasitomala.